Mapikapu a Mng'ono Wanga

Ine, amene anthu amanditcha Madala a Gitala, wa zaka 74, wokhala kuseri kwa chigayo, kale woimba m'bandi ya maukwati, pano wosoka nsapato, ndikunena izi:

Ndili ndi gitala yamagetsi yofiira imene ndinagula ndisanakwatire. Pansi pa nsambo pake panali mapikapu awiri, timaginito tokulungidwa waya timene timatola kulira kwa nsambo. Atapsa kalekale, malemu mng'ono wanga anakulunganso wayayo ndi manja ake, akupalasa makina osokera a mayi athu.

Chaka chino gitalayo inayamba kuchita phokoso ngati njuchi komanso kumenya shoko. Lamulungu lapitali inamenya mwana wanga wamkazi, amene amaimba nane kutchalitchi.

Lolemba m'mawa ndinapita nayo kwa wokonza mawailesi, moyang'anizana ndi depoti. Anaitsegula ine ndikuona. Mawaya anali osupuka. Anati ndingasinthe zonse, kapena mawaya okha n'kusiya mapikapu, koma sakulonjeza kuti phokoso litha. Ndinamuuza kuti asakhudze kanthu, ndikaganize kaye. Anavomera, ndipo gitalayo ndinaisiya komweko.

Lolemba lonse ndi Lachiwiri ndinaganiza. Sindinamalize.

Lachitatu masana mkamwini wanga anabwera nayo gitala kunyumba, akumwetulira. Anati, "Bambo, ndakukonzerani. Zamakedzana zija tachotsa, simufanso ndi shoko." Ndinamufunsa amene anamutuma. Anati, "Mukanaganiza mpaka Yesu kubwera." Mkamwini ameneyu anandigulitsirapo njinga yanga osandifunsa, koma apolisi akuti imeneyo ndi nkhani ina.

Ndinailumikiza gitalayo. Phokoso panalibe, shoko panalibe. Mwana wanga anaimba nyimbo imodzi mpaka kumapeto. Inkalira bwino, koma ngati gitala ya munthu wina aliyense.

Lachinayi m'mawa ndinabwerera kwa wokonza uja kukatenga zakalezo. Anati, "Madala, akamwini anu anati ndi zinyalala." Anali atazipereka kwa wogula zitsulo zakale.

Ndinapita komweko, kuseri kwa msika. Mapikapu onse awiri ndinawaona m'chidebe chabuluu pafupi ndi sikelo, pamodzi ndi mawaya a mafiriji. Ndinawazindikira ndi ulusi wakuda wosokera nsapato umene mng'ono wanga anamangira. Nditatambasula dzanja, mwini malo anandigwira pamkono. Anati, "Agogo, pano si pamaliro potola zamalemu. Cholowa m'chidebe ndi changa." Ndinati ndiwagula. Anati sagulitsa zapayekhapayekha, ndipo Loweruka m'mawa amawotcha zonse kuti atenge kopa wa m'mawayamo. Lero ndi Lachisanu.

Ndikupempha apolisi apite nane lero lomwe akatenge mapikapuwo. Ndi anga. Sindinawagulitse, sindinapatse munthu.

Wapolisi wandifunsa ngati ndikufuna mkamwini wanga amangidwe. Ayi, ali ndi ana. Wandifunsanso ngati ndidzabwezeretsa zakalezo m'gitala. Sindikudziwa. Mwana wanga ali ndi chipsera pachala. Mwina zatsopanozi zikhala momwemo, zakalezo ndizisunga m'chitini. Koma ndiziike kaye zonse patebulo langa, ndimalize kuganiza kumene anandidula, ndipo wonena ndikhale ine.

Andiwerengera mawuwa ndipo ndi anga. Ndi zomwe ndikudziwa, zina ndilibe.

Wodandaula: ..............................
Wapolisi wolemba: ..............................