Chaka chimene sindinawonjezere nazale

Moni nonse m'dzina la Ambuye, abale ndi alongo. Alemekezeke! Ndine Nabanda wa kwa Wimbe. Sukulu ndinalekezera sitandade thu, koma pakamwa ndili napo.

Kale, eee, kale! Malemu amuna anga aPhiri anali mlimi wa fodya. M'chigafa mwathu munkanunkhira. Tinkasoka fodya tikuyimba, iwo besi, ine pamwamba, manja ali bii. Akachokera ku okushoni ankandiponyera chitenje pamiyendo, kenako n'kuyang'ana kumbali ngati si iwo.

Koma ulimi wathu unali wosuzumira kwa mnzako. Fodya akagulidwa bwino chaka chino, chaka chamawa mudzi wonse kuwonjezera nazale, ndi munda wa chimanga womwe kubzalamo fodya. APhiri atatisiya, ine ndinachita zomwezo. Mtengo unagwa. Unagwa, abale! Mabelo kubwerera, nkhokwe ili mbee. Fodya sadyedwa. Mdzukulu wanga wamasiye, Tiyamike, anakomoka ndi njala ali pamzere kusukulu. Ndinamubereka kumsana, mtsikana wamkulu, miyendo ikukhukhuluzika pansi.

Mulungu anamusunga mwanayo mpaka yunivesite. Akuphunzira za chuma. Akuti zilipo ziwiri: zazing'ono, za pakhomo ndi pamsika, ndi zazikulu, za dziko lonse, zija zoti kwacha ikagwa feteleza amakwera.

Chaka china fodya anakomanso mtengo. Tiyamike atabwera kuholide anandipeza kudambo ndikulima mabedi a nazale owonjezera.

"Agogo, anzanu aNachisale awonjezeranso?"

"Onse, mwanawe."

"Ogula nawo awonjezeka?"

Ndinangopitiriza kulima. Iye anati:

"Fodya akachuluka, ogula ali omwewo, amene amatchula mtengo ndi iwo. Tidzagonanso ndi njala, agogo. Munda wakumtunda tibzalemo chimanga ndi soya."

Ndinapsa mtima! Munda wakumtunda ndi umene aPhiri anauswa ndi manja awo. Ndinati, "Iwe, mabuku akuuza kuti ndiwataye agogo ako?" Iye anangoti, "Ine ndikukumbuka kumsana kwanu kuja."

Khasu linandigwa m'manja.

Tinabzala chimanga, tinabzala soya, fodya pang'ono chabe. ANachisale ankandiseka pachitsime: "Nabanda, mwalembetsa yunivesite liti?" Msika utatsegulidwa, mtengo pansi! Anzanga kulira. Ine nkhokwe tho, abale, tho! ANachisale omwewo anabwera ndi lichero madzulo, ndinawapatsa osawafunsa kanthu.

Lero ndikudya, ndikugona tulo. Fungo la fodya ndimalisowa, sindinama, ndipo aPhiri ndimawasowa kuposa. Tiyamike watsala chaka chimodzi. Dzana anaimba foni, ndinamuuza kuti mudzi wonse chaka chino ukufuna soya. Anaseka: "Ndiye inu, agogo, funani mbewu ya mtedza."

Ndaipeza kale, ili m'thumba kunyumba. Zikomo Yesu, zikomo mpingo. Amen!