Anandilanda munda ndikadali moyo

Aulutsi, ndiwerengereni nkhani yangayi, koma dzina musatchule. Ndine mayi wa ku Chikweo. Adokotala atandiuza kuti khansa ya m'mawere yafalikira mpaka m'mafupa, ndinabwerera kumudzi n'kupeza mng'ono wanga akulima m'munda mwanga.

"Achemwali, inu simufika pokolola," anatero osandiyang'ana. "Mundawu ungogona."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa bala la pachifuwa. Mwana amene ndinkamubereka kumsana anali atandiika kale m'manda.

Ndinati iyayi. Khasu sindilithanso, koma ndikamwa mankhwala ochepetsa ululu ndinkakhala pamkeka n'kumadula mitengo ya chinangwa, mwana wanga wamkazi akubzala. Takumba mwezi watha. Mng'ono wangayo ndinamutumizira dengu lodzaza, koma mpaka lero sanabwere kudzandizonda.