Dzina Limene Mudzi Unamana Wadia

Olemekezeka Ambuye Episkopi, Bambo Mfumu Sarkis, Sisitere Nouhad ndi asisitere onse, akuluakulu a mudzi uno, amayi a bungwe la parishi amene mwamanga nyumba yoyamwitsiramoyi ndi thukuta lanu, ndi inu makanda amene mwandiposa kale mawu kumbuyoko, ndikupatsani moni wa mtendere.

Lero mtima wanga wadzaza. Amayi athu akhala akuthawira kuseri kwa tchalitchi kukayamwitsa, akuzizidwa ndi mphepo ya m'mapiri a Lebanoni ano ngati kuti akuchita chinthu chochititsa manyazi, chonsecho Mwana wa Mulungu mwini anasankha kukhala ndi njala ndi kuyamwa bere la Amayi Maria. Zimenezo zatha lero!

Mwandiitana ngati Dokotala Naji, koma ine ndine mwana wa bere lobwereka. Mayi anga anamwalira pondibereka, chipale chofewa chitatseka msewu. Achibale anayesa mkaka wa mbuzi, ndinkangosanza. Kutsidya kwa mpanda wathu kunali Wadia, amene khanda lake linali litangoikidwa m'manda, mawere akumupweteka ndi mkaka wopanda woyamwa. Wadia atabwera kudzandipempha, azakhali anga a Saada anaima pakhomo.

"Mwana wathu ayamwe kwa ameneyu? Mkaka wake ndi watsoka!"

Malemu Bambo Elias, wansembe wathu, anali pomwepo atakonzeka kundibatiza ndisanafe. Anati, "Mayi Saada, tsoka loposa njala mukulidziwa inu? Kapena mukuyesa Yesu anakulira msuzi wa mphodza? Tapatukani apo, mwana adye!"

Sekani ndithu, koma ndinayamwa, ndipo ndi uyu ndaima pano ndi mimba yangayi.

Tsono imvani chimene chimandiwawa. Kwathu kuno mayi sitimutchula dzina lake, timamutchula ndi dzina la mwana wake. Wadia sanaberekenso. Anandiyamwitsa, anandilera, amaphika phala lotsekemera la meghli pa chikondwerero cha khanda lililonse la m'mudzi muno, koma mpaka imvi zamera, ngakhale tiana ta dzulodzuloli timangoti "Wadia," ngati tikuitana kamtsikana. Ndikadandaula, anthu ankati, "Nanga anakubereka?" Iye ankangonditonthoza kuti, "Zisiye, mwanawe, bola unakhuta."

Ine sindinazisiye. Umayi suthera pa kubereka. Mayi ndi amene amapereka thupi lake kuti wina akhale ndi moyo, usana ndi usiku, osawerengera, ndipo chikondi chotero ife Akatolika timachidziwa bwino, pakuti timagwada pamaso pake pa Misa iliyonse.

Amayi a bungwe ankafuna kulemba dzina langa pakhomo la nyumba yoyamwitsiramoyi. Ndinawafunsa kuti, "Kodi ine ndinayamwitsapo ndani?" Tinakangana, tinagwirizana, ndipo dzina lalembedwa. Mwini wake wakhala kutsogolo kuno, atatsamira ndodo, sakudziwa kanthu.

Sisitere Nouhad, chotsani nsalu yaphimba dzinayo. Mayi anga sawerenga, choncho mudzi wonse uwawerengere, mokweza, kuti amve ndi makutu awo.

Mwamva, mayi? Akuti Amake Naji. Ndinu amenewo. Lirani, palibe amene akuletseni lero.

M'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, ndikulengeza kuti Nyumba ya Amake Naji yatsegulidwa. Amayi, lowani, ana ayamwe.

Zikomo kwambiri.