Tinakamanga ku Phalombe Fodya Ali M'munda

Omvera anzanga, ine ndine mlimi wa kuno ku Nsaru.

Namondwe atawononga kummwera, mnzathu wina wa mumpingo, tenanti wolima fodya wochokera ku Phalombe, analandira foni yoti nyumba ya amayi ake yapita ndi madzi. Anangokhala pansi panja pa tchalitchi. Inali nthawi yothyola fodya, ndipo akanachoka, thukuta lake la chaka chonse likanawolera m'munda.

Amayi a mumpingo anamuuza kuti, "Achimwene, pitani. Fodya wanuyo tithyola ndife, tisokanso ndife."

Abambo asanu tinamuperekeza, titanyamula chimanga, misomali ndi malata akale. Pamene panali mudzi tinakapeza matope ndi miyala yokhayokha. Sabata ziwiri tinkagona pasukulu, kukacha tikuzika mitengo ndi kukhoma malata, mpaka nyumba zinayi zinaima.

Tsiku lobwerera, amayi ake aja anandigwira dzanja. "Kodi bambo, ndinu a bungwe liti?"

"Si ife a bungwe, amayi. Timapemphera limodzi ndi mwana wanu."

Anandiyang'anitsitsa, kenako anaitana anzawo. "Tabwerani mudzamve nokha. Anthuwa sanatumidwe ndi munthu."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Sindinanyadirepo anthu akwathu ngati tsiku limenelo.