Mkamwini wa Mutu wa Mvuu

Paki yathu ya masewera a ana ya ku Takoradi, m'dziko la Ghana, inagula chilolezo chogwiritsa ntchito Kaputeni Gubu, mvuu yobiriwira ya m'makatuni ija, ndipo eni ake akunja anaika lamulo louma gwa: wovala chimvuucho asavule mutu pagulu, aziyankha ngati Gubu basi, akaphonya ntchito yatha. Ine ndimakazinga nthochi pageti, ndiye ndinaona ndi maso angawa tsiku limene bambo Essilfie anabwera kudzaona Fiifi, mnyamata wa m'kati mwa mvuuyo, amene ankafuna kukwatira mwana wawo Araba.

"Iwe," anatero bambo Essilfie, akugogoda pamimba pa mvuu ndi ambulera. "Ndiwe ukufuna mwana wanga?"

"Hohoho! Takulandirani ku Dziko la Gubu!" inayankha mvuu.

"Ndine bambo ake a Araba."

"Gubu wakudziwani, bambo. Gubu akutuluka thukuta."

Mvuu inatambasula dzanja kuti ipereke moni. Lamanzere!

"Haa! Lamanzere? Kwa ine? Anakulera ndani iwe?"

"Lamanja analisokerera kumbendera ndanyamulayi, bambo. Hohoho."

"Chabwino. Uli ndi zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi, ndipo sindikula!"

"Araba anandiuza makumi atatu."

"Gubu sadziwa zimenezo, bambo."

"Kwanu n'kuti?"

"Kumwezi. Kuseri kwake."

"Kuseri kwake! Nanga abale ako odzagogoda pakhomo panga Loweruka kudzafunsira mbeta achokera komweko?"

"Gubu alibe abale. Anatuluka m'dzira la nyenyezi."

"Mvuu? M'dzira?" Bambo Essilfie anatembenukira kwa ine. "Mayi, mwamva?"

Ine ndinangoyang'ana m'chiwaya. Nthochi zinali zikupserera, koma kuseka kunandigwira moti sindinathe kuzitembenuza.

"Umagwira ntchito yanji?"

"Ndimathamangitsa mitambo yoba maswiti a ana."

"Ambuye, ndichitireni chifundo. Funso lomaliza. Unakwatirapo?"

Mvuu inaima chilili. Kenako inakweza dzanja mopepesa.

"Limenelo lidumpheni, bambo, chonde."

"Yankha!"

"Hohoho," inatero mvuu ndi mawu a pamaliro. "Mayi Gubu ndi awo akujambulitsa apowo."

Chapatali, mvuu ina ya ndolo ndi nsidze zazitali inatigwedezera dzanja. M'katimo munali Ebo, chimunthu chandevu, ndipo ndevuzo zinkasuzumira pakamwa pa chovalacho.

"Mkazi wako ali ndi ndevu!"

"Gubu amamukonda choncho."

"Ana?"

"Khumi ndi awiri. Onse amapasa."

"Zaka zisanu ndi chimodzi, ana khumi ndi awiri! Unayamba liti, chilombo iwe? Ndiye Araba wanga, namwino wathunthu, azikagona kuti?"

"M'roketi muli malo, bambo. Kumbuyo."

Bambo Essilfie anakwapula mchira wa mvuu ndi ambulera. Ana anali atazungulira kale, akuomba m'manja, poganiza kuti ndi sewero latsopano.

"Vula chimutucho ndikuone nkhope."

"Gubu alibe mutu wina."

"Vula!"

"Gubu sathyola lonjezo! Hohoho!"

"Gubu sathyola lonjezo!" ana onse anabwereza mokuwa, poti ndiwo mawu ake a pakanema.

"Tamvera bwino," anatero bambo Essilfie, atatsitsa mawu. "Ukapanda kuvula pompano, Loweruka asabwere munthu pakhomo panga. Za Araba uiwale."

Apa kuseka kwanga kunatha, ndinamumvera chisoni mnyamatayo. Akavula, ntchito yapita. Akakana, mkazi wapita. Mvuu inayang'ana kugeti, inayang'ana ana, kenako inagwira khutu lake ndi dzanja limodzi lija n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono. Khosi la munthu linaonekera, lonyowa ndi thukuta.

"Mayo! Akumudula mutu Gubu!" kanakuwa kamtsikana kena, ndipo ana onse anayamba kulira ngati mbuzi zomangidwa.

Phaa! Bambo Essilfie anamenya mutuwo ndi chikhatho, unabwerera m'malo mwake.

"Wapenga? Ukufuna kupha ana a eni ake ndi mantha?"

"Koma mwanena nokha kuti..."

"Khala chete! Vina!"

Mvuu inavina. Bambo Essilfie nawo, suti ndi ambulera, anagwedeza chiuno pambali pake mpaka kamtsikana kaja kanapukuta misozi n'kuyamba kuseka. Ine nthochi zanga zinasanduka makala, koma sindinadandaule.

Atatha, bambowo anakonza tayi, akupumira m'mwamba, n'kuyandikira khutu la mvuu.

"Lamulo la pano Araba anandiuza. Padzuwa lonseli unakakamira lonjezo lako, kenako unalolera kutaya ntchito chifukwa cha Araba. Loweruka abale ako abwere."

"Zikomo, bambo! Hohoho! Zikomo!"

"Usathokoze msanga, Gubu." Analoza ndi ambulera kwa Ebo, amene anali kukanda ndevu kudzera pakamwa. "Mwana wanga sakhala mkazi wachiwiri. Uyambe wasudzula wandevuyo."