Ndinathira pisitolo mafuta ngati njinga

Akuwailesi, ndiwerengereni kalata iyi. Ndine bambo wokhala ku Mulhuddart kuno ku Dublin, ndipo mtima wapachala ndili nawo, sindibisa.

Nditalowa kalabu yowombera chandamale, anzanga a kutchalitchi anati, "Achimwene, ukali wanuwo ndi mfuti? Akakuthamangitsani tsiku lomwelo."

Mphunzitsi wathu, mayi wachizungu, salola munthu kuwombera asanadziwe kumasula pisitolo, kuitsuka ndi kuimanganso. Ine ndinaithira mafuta ngati tcheni cha njinga ya kumudzi, mpaka kudonthera patebulo. Mayiyo anaseka pamaso pa onse, nati, "Bambo, mukufuna kuikazinga? Yambiraninso."

Ndinapsa mtima kwambiri. Chitseko chinali pafupi, koma ndinakana kutuluka. Ndinapukuta kachitsulo kalikonse ndi kansalu. Kasipuling'i ka m'kati mwa pisitoloyo kanandithawa kawiri, ndinakatola pansi pa mpando osatukwana munthu.

Mayiyo atayendera ntchito yanga, anangogwedeza mutu n'kundiuza kuti Loweruka ndidzawombere.

Omvera anzanga, ukali ndikadali nawo, sindinasanduke mngelo. Koma musalole anthu akuuzeni pomwe mungalekezere. Loweruka ndikupita.