Nthutumba ya Mayi Ogula Mtedza

A Simeon, tcheyamani wa kalabu ya alimi a mtedza pa Nsaru, anali atatuma mlembi wawo, a Lyson, ku Lilongwe kukasankha malo odyera oti mawa lake masana akakambiraneko ndi mayi Dyness, amene ankafuna kugula mtedza wa kalabu yonse. Chimene a Lyson sankadziwa n'chakuti a Tcheyawo anakakamira za m'tauni chifukwa mtedza wawo, umene anauwaza madzi kuti ulemere pa sikelo, unali utayamba chuku ndipo unali mbwee pabwalo kwawo: mayiwo akanangouona asanasaine pepala, msika wa kalabu ukanathera pomwepo, mpando wa a Simeon nawo n'kupita.

"Mwafika, a Mlembi? Tchulani dzina la malowo basi, ndizipita," anatero a Simeon, ali chiimire pakhonde la shedi ya kalabu.

"Tayambani mwakhala pansi, a Tcheya. Ndayenda kwabasi." A Lyson anasasa fumbi la kabaza pa jekete, natulutsa kope, nanyambita chala.

"Sindinafunse za miyendo yanu. Tikadyera kuti?"

"Tifikapo. Malo oyamba ali ku Eliya 47. Aukhondo zedi. Matebulo oyala nsalu zoyera, mipando yofewa, wailesi yolira chapansipansi. Anthu amabizinesi ndi amene amadyamo."

"Ehee! Ndi amenewo."

"Ndawakana."

"Mwatani?"

"Muli mowa." A Lyson analoza mzere m'kopemo. "Munanena dzulo, ndipo ndinalemba: ine mkulu wa mpingo sindingakhale pansi pa denga limodzi ndi botolo la mowa."

"Anthu anali kumwa?"

"Ayi. Mabotolo ali mufiliji, kuseri kwa kauntala. Koma denga ndi limodzi. Ndinachita kutuluka panja kukaliyang'ana bwinobwino."

Mumtima a Simeon ankafuna kunena kuti botolo lotsekeredwa mufiliji silinalumepo munthu, koma pa Nsaru ponse panalibe amene anawamvapo akubweza mawu awo, ndipo sakanayambira pa mlembi.

"Mwachita bwino," anatero, akukweza chibwano. "Anthu a m'tauni! Chakudya apa, zoledzeretsa apo, ngati kuti njala ndi uchidakwa ndi pachibale. Kwina?"

"Kwina ndi kufupi ndi msika waukulu. Mowa mulibe ngakhale dontho. Pakhoma anapachikapo vesi."

"Mwaona? Lembani amenewo."

"Ndawakana."

"Aaa! Vesiyo yalakwa?"

"Vesi ili bwino. Madzi osamba m'manja ndiwo avuta. Munati mlendo wolemekezeka amamuthira madzi m'manja atakhala pampando, beseni lili pansi, wothirayo atagwada. Uko kuli mpopi pakona, aliyense amadzisambitsa yekha."

"Munafunsa?"

"Simunandiuze kuti ndifunse. Munati ndikaone. Ndinakhala pampando manja ali m'mwamba chonchi, kudikira beseni."

"Mpaka liti?"

"Mpaka mapewa anayamba kuwawa. Kenaka kunabwera mlonda kudzandifunsa ngati ndikupemphera kapena ndadwala."

"Mayo ine! A Lyson, zaka zonse zija munkaphunzitsa ana a eni ndi mutu womwewu?"

"Ndiye ndilembe kuti mpopi ulibe vuto?" A Lyson anatsegula cholembera.

"Ndani wanena zimenezo? Mlendo wanga akaweramire mpopi ngati mbuzi pa mjigo? Fufutani malo amenewo!"

"Ndinafufuta kale."

"Musandiyankhe. Pitirizani."

A Lyson anatembenuza tsamba mosamala.

"Ku Kawale ndinapeza mayi wina woleredwa bwino. Kalesitilanti kake n'kakang'ono, koma kosesedwa. Mowa sagulitsa. Madzi anandithira yekha, bondo lili pansi, mpaka kansalu kopukutira m'manja."

"Basitu! Mukuchedweranji?"

"Nkhuku, a Tcheya."

"Alibe nkhuku?"

"Ali nayo. Koma munati mlendo amayamba waonetsedwa nkhuku yake idakali yamoyo, kuti adziwe kuti sitinamuphikire yofa yokha. Ndinapempha kuti andionetse."

"Ndiye?"

"Anaibweretsa m'jumbo. Yozizira, youma gwa ngati njerwa. Mutu palibe, miyendo palibe. Ndinaigwedeza, osaphupha n'komwe."

"Nkhuku za m'tauni ndi choncho, zimabadwira mufiliji. Zilibe ndi mayi ake omwe. Koma imeneyo tikhoza..." A Simeon anaima, poona kuti cholembera cha a Lyson chayandikira pepala. "Ndikuti, imeneyo tikhoza kuidandaula. Chinanso?"

"Ndinapisa dzanja m'kati mwake. Nthutumba mulibe."

"Mulibe chiyani?"

"Nthutumba. Mayiyo akuti kumene amagula nkhukuzo amachotseratu, n'kumagulitsa pazokha."

Apa a Simeon anapsa mtima zenizeni, mpaka anaiwala kwa kanthawi za mtedza wa pabwalo pawo.

"Nkhuku yopanda nthutumba! Mlendo akavundukula mbale, diso lake limayamba kufuna nthutumba. Akaisowa amadziwiratu kuti wina wadyera ulemu wake kukhitchini. Ndiye mzinda wonse uja, nyumba zosanjikizana, magetsi mpaka m'misewu, anthu ake akudya nkhuku zobedwa m'kati, ali phee? Sukulu yawo ndi imeneyo?"

"Ndinawauza choncho."

"Munawauza?"

"Mawu anu onse. Ndinatchula ndi dzina lanu lomwe."

"Dzina langa mukulimwaza mu Kawale chifukwa chiyani?"

"Kuti ulemu upite kwa mwini mawu. Koma musadandaule, a Tcheya, nthutumbazo ndinazilondola. Ndazipeza."

"Kuti?"

"Pa chiwaya, kuseri kwa depoti ya minibasi. Beseni lathunthu, nthutumba zokhazokha. Koma nkhuku zake palibe. Ndinamufunsa mwini chiwaya kuti eni ake a nthutumbazi ali kuti, iye anangondipatsa kamtengo kobayira n'kundiuza kuti ndisatseke njira."

"Ndiye mukufuna mayi wa galimoto yake, wa ofesi yake, akaimirire pa utsi ndi kamtengo m'manja, oitanira minibasi akumukuwira m'khutu?"

"Sindikufuna. Ndawakananso. Mipando palibe."

A Simeon anayang'ana dzuwa. Linali litapendeka, ndipo mtedza wawo unkafunika masiku ena asanu a dzuwa lotere kuti chinyezi chichoke. Anasendera pafupi, natsitsa mawu.

"Tamverani, a Mlembi. Nzeru zilipo. Mawa mulawirire pa chiwayapo, mugule nthutumba imodzi, muikulunge m'kapepala. Tikafika kwa mayi wa ku Kawale uja, mbale ikamabwera, inu muiponyemo mwakachetechete."

A Lyson anavula magalasi.

"Nthutumba ya nkhuku ina?"

"Adziwa ndani?"

"Chimenecho n'chinyengo, a Tcheya. Mlendo aziganiza kuti akudya chinthu chimodzi, pamene m'katimo taikamo zathu? Inu nomwe munaimirira pamsonkhano wa kalabu kunena kuti wothira mchenga kapena madzi mu mtedza achotsedwe tsiku lomwelo. Nanga mbale ndi thumba zikusiyana pati?"

A Simeon anatsokomola kwa nthawi yaitali ndithu.

"Fumbi," anatero. "Shedi imeneyi simusesa. Pitirizani."

"Otsala ndi hotela yaikulu ija ya kumaofesi a boma. Kumeneko ndinangofunsa chinthu chimodzi. Munati mlendo wolemekezeka amadya yekha m'nyumba, osati anthu azimuwerengera nthongo pakamwa."

"Ndinatero, ndipo ndikuterobe."

"Ndiye ndinapempha manijala kuti mawa ikamakwana thwelofu atulutse anthu onse, mayi Dyness adye okha."

"Anati chiyani?"

"Anatulutsa ine."

"Hii! Wopanda mwambo."

"Komanso pali funso limene landivutitsa njira yonse, a Tcheya. Mayiwo akamadya okha m'kati, ife tikhala panja, eti?"

"Mwambo wake ndi umenewo."

"Nanga za mtedzazo tikambirana bwanji? Anthu a m'tauni akuti amakambirana chakudya chili m'kamwa. Ndinawaona ndi maso angawa, wina akutafuna, mnzake akusaina."

"N'chifukwa chake amatsamwa! Munthu wamkulu amadya kaye, n'kusamba m'manja, n'kuthokoza, ndiye nkhani iyambe."

"Ndinaganiza kuti mwina tizilankhulira pawindo."

"Pawindo ngati tikugula mapiritsi? A Lyson, mwandithera tsiku. Ndinatuma munthu wamagalasi kuti mwina aona patali, koma mwazungulira mzinda wonse kukangana ndi alonda, kupisa manja m'nkhuku za eni, n'kubwera chimanjamanja. Mawa ndi mawa lomweli! Mayiyo timuuza kuti chiyani?"

"Sindinabwere chimanjamanja. Malo ndawapeza."

"Mwawapeza? Nanga nthawi yonseyi mumandiwerengera zinyalalazi chifukwa chiyani?"

"Lipoti limayambira poyamba." A Lyson anavalanso magalasi, natsegula tsamba lomaliza. "Malo amodzi okha ndi amene akukwanira pa zonse munanena. Mowa sunalowemo chimangireni nyumbayo. Mayi wake amagwada pothira madzi. Nkhuku zikuyenda zokha pabwalo, iliyonse ndi nthutumba yake m'kati. Mlendo akhoza kudya yekha pabalaza, ife tili pakhonde."

Nkhope ya a Simeon inawala. Anawagwira a Lyson paphewa.

"Mwaona! Ndinadziwa ine kuti mumzinda monse muja simungalephere kupezeka munthu mmodzi woopa Mulungu. Ali dera liti? Likuni?"

"Si mumzinda ayi."

"Nanga kuti?"

"Kwanu, a Tcheya."

Dzanja la a Simeon linatsetsereka paphewapo.

"Kwathu kuti?"

"Kunyumba kwanu. Nditaona kuti m'tauni mwakanika, ndinapita ku ofesi kwa mayi Dyness kukawauza. Anakondwa kwambiri. Akuti malesitilanti anatopa nawo, ndipo nkhuku yachikuda anaidya kalekale."

"Munawauza kale?"

"Afika ndi galimoto cha m'ma leveni. Akuti zawachitira bwino, chifukwa abweretseratu kachipangizo kawo koyezera chinyezi, ayeze mtedza asanasaine. Ndinawauza kuti ayambire wanu, poti ndinu chitsanzo chathu, ndiponso uli pabwalo pomwepo, sakavutika kumasula matumba."

"Munati uli pabwalo?"

"Si uli pabwalo kodi? Ndauona podutsa pa kabaza. Ndawauzanso amayi kunyumba kwanuko kuti asauwole, mlendo adzaupeze mmene ulilimo. Akomiti nawo ndawaitana, adzaonerere."

A Simeon anakhala pansi pa thumba lopanda kanthu, naimiriranso, navula chipewa, nachivalanso. Kenaka anatulutsa foni yawo m'thumba n'kuikankhira m'manja mwa a Lyson.

"Imbani. Imbani msanga! Auzeni kuti msewu wa ku Nsaru waonongeka, tikumana ku Eliya 47 konkuja."

"Msewu uli bwinobwino, ndadzera momwemo. Ndipo kuja kuli mowa."

"Uli mufiliji! Udzatsegula wokha chitseko kudzandikhala pamwendo?"

"Nanga nthutumba?"

"Nthutumba, nthutumba! Kanyama kodzaza mchenga kameneko? Mayiyo akudzagula mtedza kapena akudzawerenga ziwalo za nkhuku? Adye tchipisi, asambe pa mpopi, asaine ali chotafuna, anthu otsogola amatero! Imbani, a Lyson, ndapota nanu!"

A Lyson anatseka kope lawo pang'onopang'ono, naika foniyo pa sikelo ya kalabu osaiimba. Anawayang'ana a Simeon kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, napukusa mutu mwachisoni.

"Koma ndiye mwandikhumudwitsa, a Tcheya. Ku tauni ndapita ndine, koma amene mwabwerako ndi makhalidwe ake ndinu."